Liwu Loti "Timber" ndi Nyumba za Makolo

Adzukulu anga, mawu amasunga mbiri ya eni ake ngakhale eni akewo atapita kalekale. Taonani liwu la Chingerezi loti "timber", limene lero limatanthauza matabwa. M'Chingerezi chamakedzana, zaka zoposa 1,000 zapitazo, liwuli linkatanthauzanso nyumba yeniyeniyo. Bishopu Wulfila, amene anamasulira Baibulo m'chinenero cha Agoti m'zaka za m'ma 300, ankalemba "timrjan" pofuna kunena kumanga. Ajeremani mpaka lero amati "Zimmer" ponena chipinda, ndipo mmisiri wa matabwa amamutcha "Zimmermann". Akatswiri a zinenero amati muzu wa mawu onsewa ndi womwewo umene unabala "domus", nyumba m'Chilatini.

Chifukwa chake n'chapafupi. Mitundu ya kumpoto kwa Ulaya inkakhala pakati pa nkhalango, nimanga nyumba zamitengo. Motero liwu lonena za nyumba linatsalira pa mitengo yomangirayo.

Nafenso timati "kumanga nyumba" ngakhale ikhale yanjerwa, pakuti makolo athu ankamangadi nsichi ndi phaso pogwiritsa ntchito luzi. Luzi lija linaola kalekale, koma liwu lidakalipo. Wotaya mawu akale wataya njira yodziwira mmene agogo ake ankakhalira.