Mbiri ya Kuyeza Malungo ku Chawama

Kwa zaka zambiri, mawu akuti malungo pakati pa anthu olankhula Chinyanja ankatanthauza kutentha thupi kwa mtundu uliwonse kobwera ndi kunjenjemera komanso kuphwanya m'thupi, ndipo zipatala za m'makomboni a Lusaka zinkagwira ntchito motsatira tanthauzo lomwelo. Ku Chawama, komboni ya kummwera kwa mzindawu yomwe boma linaivomereza ndi kuyamba kuikonza potsatira lamulo la nyumba la mu 1974, odwala ankachuluka kuposa manja owayeza, choncho mwana wotentha thupi ankapatsidwa chloroquine magazi ake asanaonedwe n'komwe.

Sikuti njira yotsimikizira matendawa kunalibe. Alphonse Laveran anaona kachilombo ka malungo m'magazi a wodwala ku Constantine, m'dziko la Algeria, mu 1880, ndipo utoto wa Gustav Giemsa wa mu 1904, umene umachititsa kuti tizilombo tioneke bwino pagalasi, ukugwirabe ntchito mpaka lero. Komabe maikulosikopu, chipangizo chokulitsa zinthu zosaoneka ndi maso, imafuna magetsi, madzi oyera, utoto wosasukuluka ndi munthu wophunzira amene angakhale pansi n'kufufuza dontho limodzi la magazi kwa mphindi zingapo, zinthu zomwe sizinkapezeka pamodzi tsiku lililonse. Pamene mankhwala anali otchipa, kungoganizira kunkaoneka ngati kosawononga kanthu, koma chloroquine itasiya kugwira ntchito, Zambia n'kusamukira ku Coartem m'zaka za 2002 ndi 2003, kupereka mankhwala odula kwa aliyense wotentha thupi kunakhala kutaya chuma.

Apa ndi pamene panalowera kachipangizo koyezera mwachangu kotchedwa RDT, komwe sikafufuza kachilombo kenikeniko koma antijeni, kutanthauza kanthu kochokera m'thupi la kachilomboko kamene kamatsalira m'magazi a munthu monga mapazi a nyama amatsalira pamatope. Antijeni imene tizipangizo tambiri timafuna ndi pulotini yotchedwa HRP2, yopangidwa ndi Plasmodium falciparum, mtundu umene umayambitsa pafupifupi malungo onse a ku Zambia. Woyeza amabaya chala, n'kudonthetsa magazi ndi timadzi tapadera pakapepala ka mkati, ndipo pakatha mphindi 15 kapena 20 mzere umodzi umasonyeza kuti kachipangizo kagwira ntchito koma antijeni palibe, pamene mizere iwiri imasonyeza kuti ilipo. Tizipangizoti tinafalikira m'zipatala za boma m'zaka zotsatira 2005, ndipo mu 2010 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti aliyense woganiziridwa malungo aziyezedwa asanalandire mankhwala.

Chimene kuyezaku kunavumbula ku Lusaka chinali chovuta kuchilandira. Kafukufuku wa malungo wa m'dziko lonse, amene anayamba mu 2006, anasonyeza kuti chigawo cha Lusaka chili m'gulu la zigawo zokhala ndi malungo ochepa kwambiri, mosiyana kwambiri ndi chigawo cha Luapula, ndipo zimenezi zinatanthauza kuti kutentha thupi kwa ana ambiri a m'makomboni kunali kochokera ku chibayo, matenda a m'mimba ndi mavairasi. Mzere umodzi uja ndiwo unali mayeso enieni a ntchitoyi, chifukwa mayi amene wafola kuyambira m'mamawa sankakhutira kubwerera kunyumba ndi panado yekha, nayenso wachipatala ankaopa kuti kapepala kangamunamize mwana n'kufera kunyumba. Kafukufuku wochitika m'zipatala za ku Zambia ndi kufalitsidwa m'magazini ya JAMA mu 2007 anapeza kuti mwa odwala atatu alionse amene RDT inasonyeza kuti alibe malungo, woposera mmodzi ankalemberedwabe mankhwala a malungo. Kuphunzitsa manja kubaya chala kunatenga masiku ochepa, koma kuphunzitsa mtima kukhulupirira zotsatira kunatenga zaka.

Kukayikako sikunali kopanda maziko konse, pakuti HRP2 imatha kukhalabe m'magazi kwa milungu ingapo munthu atachira, ndiponso tizilombo tosapanga pulotiniyi tinapezeka ku Peru mu 2010 ndi ku Eritrea mu 2016, zomwe zikuchititsa kuti maikulosikopu isachoke m'labotale ya chipatala cha Chawama, chimene chinakulitsidwa mothandizidwa ndi boma la Japan.

Mwayi umene ulipo pa kuyeza malungo umaoneka bwino malungowo akayerekezedwa ndi matenda obwera ndi tizilombo ta mtundu wa Trypanosoma. Matenda a Chagas, amene Carlos Chagas anawafotokoza ku Lassance, m'dziko la Brazil, mu 1909, akakhalitsa m'thupi tizilombo take timabisala m'minofu ya mtima ndi ya matumbo n'kuchepa kwambiri m'magazi, motero madokotala sadalira antijeni koma amafufuza asilikali amene thupi lapanga polimbana nato, ndipo amatsimikiza poyeza m'njira ziwiri zosiyana. M'bale wake wa ku Zambia ndi kaodzera, wofalitsidwa ndi ntchentche ya kashembe, amene kachilombo ka mtundu wake wopezeka m'dzikoli John Stephens ndi Harold Fantham anakafotokoza mu 1910 atakapeza mwa munthu amene anakatengera kuchigwa cha Luangwa. Kaodzera wa mtundu umenewu alibe kachipangizo kake ka mizere iwiri, choncho wodwala wochokera ku Mambwe kapena ku Rufunsa, amene zizindikiro zake zoyamba zimafanana ndi za malungo, amadziwika pokhapokha woyeza ataona kachilomboko kakusambira pagalasi.