Sitima ya Malasha ndi Mlatho Umene Unabala Kafue

Anthu ochokera ku Lusaka pa basi, opita ku Mazabuka kapena ku Chirundu, amawoloka mtsinje wa Kafue pa mlatho wa galimoto. Ambiri sadziwa kuti kumtunda kwake, pafupi ndi tauni, kuli mlatho wina wakale umene unabala tauniyo. Ndi wachitsulo, wa zigawo 13, wotalika mamita 427, ndipo unamangidwa mu 1906. Pa njanji yonse ya Rhodesia panalibe wina woposa umenewu kutalika. Lero pamadutsa sitima za dizilo mwa apo ndi apo, koma kwa zaka pafupifupi 70 chimene chinkanjenjemeretsa zitsulo zake inali sitima ya malasha, yofuka utsi wakuda, yomveka kulira isanaoneke.

Njanjiyi inachokera kummwera. Cecil Rhodes ankalota njanji yochoka ku Cape Town mpaka ku Cairo, koma anamwalira mu 1902 isanafike n'komwe ku Zambezi. Inafika pa mathithi a Mosi-oa-Tunya mu 1904, ndipo mlatho wa pamenepo unatha mu 1905. Kampani ya George Pauling, imene inkamanga njanjiyi, sinadikire kuti mlathowo uthe. Kamutu kakang'ono ka sitima kotchedwa Jack Tar anakamasula zidutswazidutswa, n'kukaolotsa phompho pa chingwe, kuti kakayambe kukoka zipangizo tsidya lino. Kamutuko kakadalipo ku myuziyamu ya njanji ku Bulawayo. Njanji inapyola Kalomo, kuwoloka Kafue, kufika ku migodi ya mtovu ndi zinki ya Broken Hill, imene lero ndi Kabwe, mu 1906, ndipo mu 1909 inagunda malire a Congo. Mabuku anasunga maina a azungu oyeza ndi olamula. Anthu amene anadula tchire, kuthira dothi ndi kusenza njanji pamapewa m'dambo la udzudzu la Kafue, maina awo sanalembedwe.

Kuti timvetse chifukwa chake pamalo pano panamera tauni, tiyenera kudziwa khalidwe la sitima ya malasha: ndi chinthu cha ludzu. Malasha amayaka m'ng'anjo, moto wake umadutsa m'mapaipi ambiri omizidwa m'madzi a m'boyila, madzi amawira, ndipo nthunzi yopanikizika imakankha mapisitoni amene amazunguza mawilo. Nthunziyo ikagwira ntchito imatulukira kuchumuni osabwereranso, motero madzi amatha msanga kuposa malasha. Pamene pali mtsinje wosaphwa, sitima iyenera kuima n'kumwa. Komanso kuchoka pa Kafue kupita ku Lusaka ndi chitunda: pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50, kudutsa Shimabala ndi Lilayi, njanji imakwera mamita pafupifupi 300. Palibe dalaivala akanayamba chitunda chotere thanki ili theka ndi moto wofooka. Pamene sitima imaima pamafunika anthu, anthu amafuna nyumba, ndipo pamene pali malipiro amalonda sachedwa.

Katundu anachuluka migodi ya mkuwa itatseguka ku Copperbelt chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Malasha a ku Wankie, kumene lero timati Hwange, ankakwera kumpoto kukasungunula mkuwa, mkuwawo n'kutsika kummwera kulowera kudoko la Beira. Zonsezi zinkadutsa pa njanji imodzi yokha, yopapatiza mamilimita 1,067, ndiponso pa mlatho umodzi womwewu. Mitu yakale inayamba kuchepa mphamvu, koma kungogula ikuluikulu sikukanathandiza, chifukwa njanji inali yopepuka ndi yokhotakhota.

Yankho linali mutu wa mtundu wa Garratt, wopangidwa ndi kampani ya Beyer, Peacock ku Manchester. Nzeru yake ndi yosavuta kuiona ndi maso. Pali mainjini awiri, wina kutsogolo wosenza thanki ya madzi, wina kumbuyo wosenza malasha, ndipo boyila imalenjekeka pakati pawo monga mtengo wosenzedwa ndi anthu awiri. Kulemera kumagawikana pa mawilo ambiri, ndipo pokhota mutu wonse umapindika motsata njanji. Kampani ya Rhodesia Railways inagula mitu yotere yoposa 200. Ikuluikulu kwambiri inali ya kalasi 20, imene inabwera m'ma 1950, yonse pamodzi 61. Ng'anjo yake inali yaikulu koti munthu mmodzi ndi fosholo sakanaikhutitsa, choncho inali ndi makina odzithirira malasha. Imeneyi ndiyo inkakoka katundu wolemera pa chitunda cha Kafue.

Pano ndiime pang'ono pa anthu, chifukwa mutu wa sitima sudzisamala wokha. Ukafika kushedi pamafunika wogwetsa phulusa, wolowa pansi m'dzenje moto ukadali wofiira pamwamba pake. Pamafunika wochotsa mwaye m'mapaipi, wothira oilo ndi girisi pamfundo iliyonse, wodzaza mchenga umene umathiridwa panjanji kuti mawilo asaterereke pamvula, ndi wolondera moto usiku kuti usazime. Ntchito zimenezi, zakuda ndi zotentha, zinali za anthu akuda: Atonga, Alenje, Alozi, Abemba, pamodzi ndi amuna ambiri ochoka ku Fort Jameson ndi ku Nyasaland amene anatsata njanji kufuna ndalama ya msonkho. Koma kwa zaka zambiri mpando wa dalaivala ndi wa fayamani, wothira malasha m'ng'anjo, unali wa azungu okha. Munthu ankatha kuudziwa mutu ngati chikhatho chake, kuzindikira ndi khutu lokha kuti penapake pakhwepa, koma osaloledwa kuuyendetsa. Roy Welensky, amene anadzakhala nduna yaikulu ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1956 mpaka 1963, anali dalaivala wa sitima ku Broken Hill ndi mtsogoleri wa bungwe la azungu apanjanji. Antchito akuda nawo sanangokhala chete. Mu Okutobala 1945 ananyanyala ntchito ku Bulawayo, ndipo sitirakayo inayenda ndi njanji mpaka kuwoloka Zambezi.

Mapeto a malasha anabwera ndi ndale. Zambia italandira ufulu mu 1964, Ian Smith analengeza ufulu wake wa azungu ku Rhodesia pa 11 Novembala 1965. Njanji imene inali imodzi inagawanika mu 1967, n'kubadwa Zambia Railways, likulu lake ku Kabwe. Vuto linali loonekeratu: malasha abwino anali ku Wankie, mashopu akuluakulu okonzera mitu anali ku Bulawayo, ndipo akatswiri ambiri achizungu anabwerera kummwera. Dziko la Zambia linatsegula mgodi wake wa malasha ku Maamba, koma linatembenukiranso ku mitu ya dizilo ya General Electric yochokera ku America. Mutu wa dizilo suima kumwa madzi, sufuna wogwetsa phulusa, ndipo umadzuka ndi batani. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1970, nthawi imene njanji ya TAZARA inkatha kumangidwa, utsi wa malasha unali utazilala pa njanji yaikulu. Kafue nayo inali itasintha nkhope, n'kukhala tauni ya mafakitale a feteleza ndi nsalu. Mitu yambiri inaimikidwa pambali, udzu n'kumera m'mawilo, kenako inadulidwa n'kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha. Sindiwaimba mlandu a nthawi imeneyo, pakuti dziko linali pampanipani ndipo mkuwa unayenera kuyenda.

Chimene chinapulumutsa mitu ingapo ndi kanjanji kapambali. Kuchoka ku Livingstone kupita ku Mulobezi, mtunda wa makilomita pafupifupi 160, kampani ya Zambezi Sawmills inkakoka matabwa a mukusi ndi mitu yakalekale yogulidwa kwa ena ataitopa nayo, ndipo ina inkayaka nkhuni zotsala kumacheka. Wojambula zithunzi wa ku Britain, David Shepherd, anaikonda mituyi, ndipo m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda anampatsa umodzi, wopangidwa ku Glasgow mu 1896, umene anautengera kwawo. Shedi yakale ya kampaniyo ku Livingstone inatetezedwa ndi boma, ndipo lero ndi myuziyamu ya njanji yoyang'aniridwa ndi National Heritage Conservation Commission. Kumeneko mwana angakwere m'chipinda cha dalaivala n'kugwira zigwiriro, koma mitu yake ndi yozizira.

Kudzutsa mutu wozizira ndi ntchito ya zaka, ndipo utoto ndiye chomalizira. Mtima wa ntchito ndi boyila. Amisiri amazula mapaipi onse, kupala dzimbiri, n'kuyeza kukhuthala kwa chitsulo malo ndi malo. Makoma a ng'anjo amagwiridwa ndi timisomali mazanamazana, ndipo mmisiri amagogoda kamodzikamodzi ndi hamala, kumvetsera koduka. Madzi a m'dera la miyala ya laimu amasiya chikhungwa choyera monga chija cha m'ketulo, ndipo chikakhuthala chitsulo chimapsa, choncho boyila imafuna kutsukidwa kawirikawiri. Asanakoleze moto amaidzaza madzi ozizira n'kuipopa kupyola mphamvu imene imagwirira ntchito, chifukwa pofooka madzi amangodontha pamene nthunzi ikanaphulika. Padenga la ng'anjo amamangapo tizitsekero ta mtovu timene timasungunuka madzi akatsika kwambiri, kuti tichenjeze anthu ngozi isanachitike. Zipangizo sizigulidwa m'sitolo, zimasulidwa ndi kusemedwa chimodzichimodzi. Ndipo tsiku la ulendo moto umayatsidwa maola ambiri nthawi isanakwane, ndi nkhuni ndi nsanza zonyowa mafuta, pang'onopang'ono, kuti chitsulo chifutukuke mofanana. Wofulumiza moto amang'amba boyila.

Ntchito yotereyi yachitika ku Livingstone. Mutu nambala 156, wa kalasi 10, wopangidwa ndi North British Locomotive Company ku Glasgow mu 1922, umene unkakoka matabwa a Mulobezi, unadzutsidwa. Pamodzi ndi nambala 204 wa kalasi 12, wakhala ukukoka sitima ya Royal Livingstone Express yoyendetsedwa ndi kampani ya Bushtracks. Alendo amakwera madzulo m'mabogi akale okonzedwanso, kudya chakudya chausiku, ndi kuima pa mlatho wa Zambezi dzuwa likulowa. Tikiti yake ndi ya madola oposa 100, ndipo aliyense wodziwa mtengo wa boyila sangadabwe nazo. Popanda ndalama za alendo, mitu imeneyi ikanakhala itazima kalekale.

Komabe mtima wanga sukhazikika. Zidzukulu za amene ankagwetsa phulusa zimaionera sitimayi kumbali kwa njanji, ndipo mwana wa sukulu wa ku Kafue, makilomita oposa 400 kumpoto, sanamvepo kulira kwa chinthu chimene chinamanga tauni yake. Choopsa kuposa dzimbiri ndi ukalamba wa anthu. Mnyamata amene anali ndi zaka 20 mu 1967 lero akusendera ku 80. Iwowa ndiwo amadziwa kuyala malasha mopyapyala m'ngodya za ng'anjo, kuwerenga moto ndi mtundu wa utsi, kusunga madzi pakati pa galasi loonera madzi a m'boyila sitima ikukwera chitunda. Zimenezi sizili m'buku la Beyer, Peacock. Ku Zimbabwe anakonzanso ma Garratt awo cha m'ma 1980 n'kupitiriza kuwagwiritsa ntchito ku Bulawayo ndi ku Hwange, motero luso linakhalitsa. Kuno linaduka msanga, ndipo otsala ake ali m'makomboni a Kabwe, Kafue, Choma ndi Livingstone, akudya penshoni yochepa.

Ndikanakonda sukulu za ntchito zamanja zitatumiza ophunzira ochepa kushedi ya Livingstone, ndi kuti wina apite ndi chojambulira mawu kwa madala amenewa asanatisiye. Ndikanakondanso tsiku limodzi pachaka, tikiti yake ya makwacha, mabogi odzaza ana a yunifomu. Njanji yochoka ku Livingstone kufika ku Kafue ikadali ya mamilimita 1,067 monga mu 1906, malasha ali ku Maamba, ndipo madzi akuyendabe pansi pa zigawo 13 zija.