Chiwerengero cha Akaidi

Chiwerengero cha akaidi ndi nambala ya anthu onse amene ali m'ndende za dziko pa tsiku loikika, ogamulidwa kale pamodzi ndi amene ali pa rimandi kudikira mlandu wawo. Osungidwa m'zitokosi za apolisi kawirikawiri salowa m'chiwerengerochi.

Pofuna kuyerekeza maiko, nambalayi imawerengedwa pa anthu 100,000 aliwonse a m'dzikomo. Dziko la anthu 20 miliyoni lokhala ndi akaidi 16,000 ndiye kuti lili ndi akaidi 80 pa anthu 100,000. Mulingo wina ndi wa kuthithikana, umene umayerekeza akaidi ndi malo amene ndendezo zinamangidwira.

Ziwerengero za maiko zimasonkhanitsidwa mu World Prison Brief, kaundula amene anayamba mu 2000 ndipo amasungidwa ku Birkbeck, University of London. Padziko lonse pali akaidi oposa 11 miliyoni. Pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse sanagamulidwe, ndipo amayi ndi 7 okha mwa akaidi 100. United States ndi China ndiwo ali ndi akaidi ochuluka zedi, koma poyerekeza ndi anthu a m'dziko, El Salvador inaposa onse boma litayamba kugwira magulu a zigawenga mu 2022, mpaka kudutsa akaidi 1,000 pa anthu 100,000.

Ku Malawi mulingo wa akaidi ndi wotsika, koma malo ndiwo ochepa. Mu 2009, pa mlandu umene mkaidi Gable Masangano anasumira boma, khoti lalikulu linalamula boma kuchepetsa kuthithikana ndi theka m'miyezi 18.