Mpando wa Pabwalo: Choloŵa cha Zombo ndi Njanji

Omvera athu, mpando wa m'nyumba ukhoza kufikira zidzukulu, koma mnzake wosiyidwa pabwalo alibe mtendere. Chinyezi chimauoletsa, chiswe chimaufumbula kunsi, dzuŵa nalo limausuula pamwamba. Nzeru zolimbana ndi adani ameneŵa sizinayambire kwa opanga mipando ai. Zinayambira kwa anthu amene moyo ndi chuma chao zinatsamira pa thabwa losaola, ndiwo amalinyero ndi omanga njanji.

Kwa zaka mazanamazana zombo za ku Ulaya zinkamatidwa phula la mitengo ya paini, lambiri mwa ilo lodzera pa doko la Stockholm ku Sweden. Amisiri ankapakanso mafuta a linseed, ofinyidwa ku njere za chomera cha flax, amene amaloŵa m'thabwa n'kuumira momwemo. Koma ku India ndi ku Burma, dziko limene lero likutchedwa Myanmar, Angerezi anapeza mtengo wa teak, wobadwa nao mafuta akeake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 makampani ophwasula zombo zankhondo zokalamba, monga Hughes Bolckow ya ku Blyth, ankakanganula matabwa a teak n'kukhomera mabenchi a m'minda ya maluŵa. Thabwa limene linapirira mchere wa m'nyanja likadaopa bwanji mvula ya ku England? Ife kuno tidziŵa mkungudza wa ku Mulanje, umene chiswe chimaulambalala. Ndipo ubwino womwewo ndiwo unauitanira macheka, kufikira kuti watsala pang'ono kutheratu m'phirimo.

Mitengo yotere njosoŵa. Omanga njanji ankafuna mitanda miyandamiyanda yoyalapo zitsulo, ndipo sakadadikira teak. M'chaka cha 1838 Mngerezi John Bethell analembetsa njira yake: matabwa amatsekeredwa mu thanki yachitsulo, kenaka mafuta akuda a creosote, ochokera ku phula la malasha, amakankhiridwa m'kati mwa thabwa ndi mphamvu ya makina. Mitanda ija inakhala zaka zambiri m'dothi osaola. Komatu mpando wa creosote palibe angaukhalire; fungo lake n'loboola mphuno, ndipo umadetsa zovala.

Yankho linachokera ku India. Mu 1933 Sonti Kamesam, katswiri wa pa malo ofufuzira za nkhalango ku Dehra Dun, anasakaniza kopa, chromium ndi arsenic. Kopa amapha nkhungu yooletsa, arsenic amapha chiswe, chromium ndiye amamangirira ziŵirizo m'thabwa kuti mvula isazikokolole. Thabwa limatuluka lobiriŵira ndiponso losanunkha, kotero kuti paini wamba anayamba kupangidwa matebulo odyerapo panja ndi akatungwe a ana. Panapita zaka 70 kuti dziko la America lisiye mankhwalaŵa pa matabwa a pakhomo, kumapeto kwa 2003, chifukwa arsenic ndi poizoni. Matabwa akalewo sanathe ai, alipobe m'mipanda ndi m'mapolo. Muŵasamale, omvera: zidutswa zake musasonkhezere moto wophikira, pakuti utsi wake ndi phulusa lake zimanyamula poizoniyo.

Dzuŵa lokha ndilo silinagonje kwa Bethell kapena Kamesam. Kuŵala kwake kumaphwanya ulimbo wachibadwa umene umagwirizanitsa timitsitsi ta thabwa, mvula n'kuutsuka, thabwa n'kumbuŵa. Vanishi woonekera m'kati satchinga kuŵalako mokwanira. Thabwa limaonongeka kunsi kwake, iye n'kuyamba kusenduka ngati khungu la njoka, madzi n'kuloŵa m'ming'alu osatulukanso. Nanga amalinyero ankatha bwanji kusunga milongoti yonyezimira? Iwo anali ndi manja ambiri ndi masiku aatali panyanja, ndipo kupala ndi kupakanso inali ntchito yosatha. Mwini mpando wa pakhonde alibe gulu lotero, ndipo ine ndiona kuti kalipentala amene amamgulitsa mpando wapanja wonyezimira ndi vanishi amamgulitsa chokoma cha nyengo imodzi.

Chimene chimatchinga dzuŵa ndi utoto. N'chifukwa chake mankhwala opaka mipando yapanja masiku ano kaŵirikaŵiri amakhala mafuta oloŵerera m'thabwa osakaniza ndi utoto wofiirira. Sasenduka, amangofwifwa pang'onopang'ono, ndipo poonjeza ena sipafunika kupala kwambiri. Koma mabenchi a teak m'mapaki a ku London ambiri sapakidwa kanthu. Amangoŵasiya kuti ambuŵe.