Njanji, Milatho ndi Madamu: Ntchito za Manja a Makolo Athu

Mawu oyamba

Amayi ndi abambo a ku Area 23, kabuku aka ndi kanu. Kakufotokoza mbiri ya zinthu zitatu zimene timaziona kawirikawiri: njanji, milatho ndi madamu. Zina mwa izo zinamangidwa m'nthawi ya atsamunda. Zina zinamangidwa dziko lathu litalandira ufulu. Mapulani ndi zitsulo zinkachokera kunja, koma amene anakumba dothi, kusenza katundu ndi kuswa miyala anali anthu akuno. Werengani mosathamanga, gawo limodzi pa tsiku, ndipo mukambirane ndi anzanu a m'kalasi.

1. Nthawi ya Mfumukazi Victoria

Mfumukazi Victoria inalamulira dziko la Britain kuyambira 1837 mpaka 1901. M'zaka zimenezo dzikolo linadzaza ndi mafakitale. Anthu kumeneko anali ataphunzira kuyendetsa makina ndi nthunzi.

Sitima ya nthunzi imayenda motere. Amasonkha moto wa nkhuni kapena wa malasha. Motowo umawiritsa madzi m'thanki yaikulu yachitsulo. Nthunzi ikachuluka imakankha zitsulo, ndipo zitsulozo zimazunguza mawilo. Ndi mphamvu yomweyi imene imanyamula chivundikiro cha poto madzi akamawira.

Mu 1825 sitima yotere inakoka malasha ndi anthu pakati pa Stockton ndi Darlington ku England. Posakhalitsa njanji zinafika ku migodi ndi ku madoko. Ku Wales anamanga tinjanji tating'ono totsitsa miyala yofolera nyumba kuchoka m'mapiri kupita kunyanja. Njanji ya Ffestiniog, imene inatsegulidwa mu 1836, ndi imodzi mwa izo. Lero imanyamula alendo odzaona malo, chifukwa anthu anaikonzanso. Luso limeneli ndi limene linadzafika kuno pambuyo pake.

2. Njanji isanabwere

Kale njira yaikulu yolowera m'dziko muno inali mtsinje wa Shire. Sitima zapamadzi zinkachokera ku Zambezi n'kukwera ndi Shire. Koma pakati pa Chikwawa ndi Matope pali mathithi, ndipo sitima sizikanadutsa. Pamenepo katundu yense ankayenda pamutu.

Mu 1875 amishoni a Livingstonia anabwera ndi sitima yotchedwa Ilala. Atafika pa mathithi anaimasula zidutswazidutswa. Anthu mazanamazana anasenza zidutswazo mtunda wa makilomita pafupifupi 100, m'miyala ndi m'minga, dzuwa likuswa mtengo. Kumtunda kwa mathithi anailumikizanso. Mu Okutobala chaka chomwecho Ilala inalowa m'nyanja ya Malawi.

Anthu osenza katunduwa ankatchedwa amtengatenga. Ambiri ankagwira ntchito ku kampani ya African Lakes, imene inayamba mu 1878 ndipo tonse timaidziwa ndi dzina loti Mandala. Ankayenda opanda nsapato, ndipo malipiro awo kawirikawiri inali nsalu. Boma la atsamunda litakhazikitsidwa mu 1891 linabweretsa msonkho wa nyumba. Amuna ambiri anasiya mabanja kukasenza katundu kuti apeze ndalama ya msonkho.

Nthawi ya dzinja amtengatenga ankasowa, popeza aliyense amakhala ali kumunda kwake. Azungu olima khofi nawonso ankafuna anthu omwewo m'minda yawo. Choncho anayamba kupempha kuti kubwere njanji.

3. Sitima ifika ku Blantyre

Ntchito yomanga njanji inayamba Mfumukazi Victoria itangomwalira kumene. Njanjiyo inachokera ku Nsanje, kumene nthawi imeneyo kunkatchedwa Port Herald. Inadutsa pa Chiromo, n'kukwera mapiri motsata mtsinje wa Ruo. Inafika pa Sankhulani, pa Luchenza ndi pa Limbe. Sitima yoyamba inalowa mu Blantyre mu 1908.

Panalibe makina okumbira ngati amene timawaona m'misewu masiku ano. Anthu ankadula zitunda ndi mapiki ndi mafosholo. Dothi ankalituta m'madengu. Miyala yoyala pansi pa njanji ankaiswa ndi nyundo. Ku chigwa cha Shire kunali kutentha ndi malungo, ndipo kumapiri mvula inkagumula zimene amanga. Mayina a mainjiniya analembedwa m'mabuku. Mayina a anthu okumba aja, ambiri sanalembedwe paliponse. Komabe popanda iwo sitima sikanakwera phiri.

Madzi a mu Shire ankaphwera chaka ndi chaka, moti sitima zapamadzi zinkalephera kufika ku Nsanje. Ndiye mu 1915 njanji inatalikitsidwa mpaka ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi. Mu 1922 njanji ina yochokera cha ku Beira inafika tsidya lina la mtsinjewo. Koma pakati panalibe mlatho. Katundu ankamutsitsa m'sitima, kumuwolotsa pamadzi, n'kumukwezanso m'sitima ina.

4. Mlatho wautali wa pa Zambezi

Vutoli linatha mu 1935 pamene anatsegula mlatho wa Dona Ana, pakati pa Sena ndi Mutarara ku Mozambique. Mlathowu ndi wotalika mamita oposa 3,600. Munthu woyenda pansi angatenge mphindi zoposa 40 kuti awoloke. Pa nthawiyo unali mlatho wa njanji wautali kuposa yonse mu Africa. Inaumanga ndi kampani ya Cleveland Bridge ya ku Darlington, yomwe inamanganso mlatho wa pa Victoria Falls mu 1905.

Kumanga mlatho pamtsinje waukulu n'kovuta chifukwa pansi pamakhala mchenga. Amisiri amayenera kuzika zipilala mozama mpaka zifike polimba. Akatero m'pamene amayala zitsulo pamwamba.

Chaka chomwecho cha 1935 njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima, kudzera ku Balaka ndi ku Chipoka. Tsopano fodya, tiyi ndi thonje zinkatha kuyenda pa sitima mpaka ku doko la Beira. Koma ntchitozi zinasiya ngongole yaikulu pamutu pa boma la Nyasaland, lomwe linali dzina la dziko lathu nthawi imeneyo. Ndalama zambiri zinkapita kukabweza ngongoleyo, pamene sukulu ndi zipatala za anthu akuda zinali zochepa. Choncho makolo athu analipira njanjiyi kawiri: ndi thukuta, ndiponso ndi msonkho.

Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, m'zaka za m'ma 1980, mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa. Njira ya ku Beira inatsekeka, ndipo katundu wathu anayamba kuzungulira kutali pa malole. Mitengo ya zinthu inakwera m'dziko muno.

5. Njanji ifika ku Lilongwe

Lilongwe inayamba ngati boma laling'ono m'mbali mwa mtsinje, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Kwa zaka zambiri kunalibe njanji. Fodya wa m'chigawo chapakati ankamutengera ku Salima pa malole.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba. Lilongwe inakhala likulu mu 1975. Mzinda unagawidwa m'madera okhala ndi manambala, ndipo n'chifukwa chake kwathu kuno timati Area 23. Anthu anabwera kuchokera m'maboma onse kudzafuna ntchito ya zomangamanga. Ambiri anapeza mapuloti n'kudzimangira okha nyumba.

Mu 1970 njanji yatsopano inachoka pa Nkaya kupita ku Nayuchi, n'kulumikizana ndi doko la Nacala. Mu 1979 njanji yochokera ku Salima inafika ku Lilongwe ndi thandizo la dziko la Canada. Mu 1980 inafika ku Mchinji, ndipo mu 2010 inawolokera ku Chipata m'dziko la Zambia. Siteshoni ya mumzinda wathu ili ku Kanengo, kufupi ndi mafakitale ndi msika wa fodya. Sitima za masiku ano zimayendera dizilo, koma mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji ndi womwe uja wa mu 1908, masentimita pafupifupi 107.

6. Ulendo wa madzi athu

M'mamawa ku Area 23 amayi amandanda pa kiyosiki ndi zigubu ndi ndowa. Wogulitsa madzi amatsegula mpopi, chigubu cha malita 20 chimadzaza, mayi amaika nkhata pamutu n'kusenza. Madzi amenewa amakhala atayenda ulendo wautali.

Ulendowu umayambira m'nkhalango ya Dzalanyama, kumalire ndi Mozambique. Mvula ikagwa, mizu ya mitengo ndi masamba ogwa zimathandiza kuti madzi alowe pansi. Kenako amatuluka pang'onopang'ono m'timitsinje timene timapanga mtsinje wa Lilongwe.

Ku Malingunde mtsinjewu anautchinga ndi makoma awiri aakulu. Damu loyamba, Kamuzu Dam I, linamangidwa mu 1966. Lachiwiri, Kamuzu Dam II, linamangidwa mu 1989 anthu atachuluka mumzinda. Ntchito ya damu ndi kusunga madzi a dzinja kuti tidzamwe m'chilimwe. Mu Okutobala, kunja kutauma gwa, madzi amene timatunga ndi mvula imene inagwa miyezi yapitayo.

Kuchoka ku madamu, madzi amatsika ndi mtsinje mpaka pamalo oyeretsera a bungwe la Lilongwe Water Board. Pamenepo amachotsa matope, amasefa madziwo, n'kuthiramo mankhwala opha tizilombo. Makina amawapopera m'mathanki akuluakulu amene amamangidwa pamalo okwera. Kuchoka m'mathankimo madzi amatsika okha m'mapaipi mpaka pa mpopi wanu. Magetsi akazima nthawi yaitali makina opopa amaima, ndipo mipopi imauma.

7. Milatho ndi miyala ya mumzinda

Tikamachoka ku Area 23 kupita mbali ina ya tauni timawoloka mtsinje wa Lilongwe pa mlatho waukulu wa pafupi ndi msika. Chapafupi pomwepo pali timilatho tamitengo tolumikiza msika wa Tsoka ndi wa Lizulu. Timeneti anatimanga ndi anthu wamba, ndipo wowoloka amalipira kandalama. Mtsinje ukadzaza timakokoloka, koma eni ake amatimanganso.

Mlatho wasimenti, khoma la damu ndi njanji, zonsezi zimafuna miyala. Cha ku Ngwenya, pafupi ndi kwathu, mudzapeza amayi ndi abambo akuswa miyala ya kwale. Amakhala pansi tsiku lonse, nyundo ili m'manja, mwala uli pa mwala unzake. Zala zimachita matuza, fumbi limalowa m'maso ndi m'chifuwa. Madzulo amaunjika miyalayo milumilu kudikira ogula. Ntchito yawo ndi yomwe ija imene anagwira omanga njanji ya ku Blantyre. Maziko a nyumba zambiri za m'dera lathu ali pa miyala yoswedwa ndi manja otere. Anthu amenewa ayenera ulemu ndi mtengo wabwino wa katundu wawo.

8. Zimene zimawononga

Zinthu izi zimaoneka zolimba, koma zimatha kuwonongeka. Mu 1997 madzi osefukira anakokolola njanji pafupi ndi Chiromo, ndipo sitima zinaleka kufika ku Nsanje kwa zaka zambiri. Amalonda ndi alimi a kumeneko anavutika kwambiri.

Zina timawononga ndife anthu. Pali ena amene amamasula mabawuti a njanji kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakale. Bawuti imodzi ikasowa, sitima ikhoza kugwa ndi anthu. Ena amaboola mapaipi kapena kuba mamita a madzi, ndipo dera lonse limagona ndi ludzu.

Vuto lalikulu ndi kutha kwa mitengo ku Dzalanyama. Makala ambiri amene timaphikira mumzinda muno amachokera kumeneko. Mitengo ikatha, mvula imakokolola dothi n'kulitaya m'madamu. Damu lodzaza matope limasunga madzi ochepa. Tonse tikudziwa kuti mabanja ambiri amaphikira makala chifukwa chosowa pogwira. Komabe pali zimene tingathe. Tingagwiritse ntchito mbaula zosatha makala msanga. Tingabzale mitengo pa mapuloti athu. Tingaleke kulima ndi kutaya zinyalala m'mbali mwa mitsinje. Paipi ikaphulika tingadziwitse a madzi tsiku lomwelo. Mutu umodzi susenza denga, choncho tizichita izi mogwirizana ndi mafumu ndi makomiti a m'dera lathu.

9. Kumene mungakaone

Mukapita ku Blantyre, kaoneni nyumba ya Mandala imene inamangidwa mu 1882. Kaoneninso tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 ndi njerwa zoumbidwa ndi kuotchedwa ndi anthu akuno. Ku nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Chichiri kuli sitima ya nthunzi imene mungaiyandikire n'kuona pamene ankasonkhapo moto.

Kuno kwathu, kalasi yanu ikhoza kupempha chilolezo chokaona madamu a ku Malingunde kapena siteshoni ya ku Kanengo. Mukapita, mverani malangizo a ogwira ntchito pamalopo. Musayende pakati pa njanji, ndipo ana asasambe m'damu.

Mbiri ina ili m'nyumba zathu zomwe. M'dera lino muli agogo amene anamanga nawo likulu, anayala nawo njanji ya ku Salima kapena anakumba nawo ngalande za mapaipi. Safunsa anadya phula. Afunseni akadali moyo, ndipo popeza tsopano mukudziwa kulemba, lembani mayina awo ndi zimene akuuzeni.

Mafunso okambirana

1. Kodi amtengatenga ankagwira ntchito yanji, ndipo n'chifukwa chiyani ambiri ankaigwira?
2. Kodi sitima yoyamba inafika liti ku Blantyre? Nanga njanji inafika liti ku Lilongwe?
3. Fotokozani ulendo wa madzi kuchoka ku Dzalanyama mpaka pa mpopi wanu.
4. Kodi kudula mitengo kumawononga bwanji damu?
5. Lembani ziganizo zitatu zonena zimene kalasi yanu ichite mwezi uno posamala madzi a m'dera lanu.