Kashembe wa Kwathu ndi Anthu Amene Adamufufuza

Kwathu ndi ku Ngala, m'mphepete mwa nyanja, kumpoto kwa Dwangwa m'boma la Nkhotakota. Munthu ukaima pamchenga m'mawa n'kufulatira nyanja, maso amagwera pa mapiri a kumadzulo, ndipo chakumwera kwake kuli nkhalango yaikulu yosungirako nyama. Ife ana tidakula tikudziwa kuti nyanja imapha, pakuti mwera ukaomba si mabwato onse amene amabwerako. Koma zoti nkhalango imapha munthu popanda mkango kapena njovu ndidazidziwa m'chaka cha 2019, ndili Fomu 3.

Chaka chimenecho atsibweni anga adapita kumtunda ndi mnzawo kukadula nsungwi zolukira miono. Patapita sabata adatuluka chotupa pakhosi chonga chithupsa, kenaka thupi lidayamba kutentha ndi mutu kuwawa. Tonse tidati ndi malungo, ndipo kuchipatala chaching'ono kumene tidawatengera adawapatsa mankhwala a malungo, kawiri konse. Mwezi wachiwiri usanathe adayamba kugona usana, nthawi zina mbamu ya nsima ili m'manja, usiku n'kumayankhula zosamveka. Ena adayamba kunong'ona za ufiti. Agogo okha ndiwo adati, "Mwanayu adalumidwa ndi kashembe, pitani naye ku chipatala chachikulu." Kumeneko adawayeza magazi, nawatenga madzi a mumsana, ndipo dzina la matenda lidatuluka: kaodzera. Iwo adachira, ngakhale dzanja lawo lamanzere limanjenjemerabe. Mnzawo uja adamwalira asanafike kuchipatala.

Nditafika kuno ku Zomba kudzaphunzira za mbiri yakale, ndidafuna kudziwa ngati matendawa ali ndi mbiri yawo. Ndidapeza kuti ali nayo, yaitali ndithu, ndipo mbali yaikulu idachitikira m'chigwa chathu chomwechi cha m'mbali mwa nyanja.

Poyamba ndifotokoze za kashembeyo, pakuti ambiri a inu simudamuone. Ndi ntchentche yotuwa, yokulirapo pang'ono kuposa ya m'nyumba, ndipo mtundu wofala m'nkhalango zathu akatswiri amautcha Glossina morsitans. Yaimuna ndi yaikazi yomwe imakhalira magazi okhaokha. Siiikira mazira ngati udzudzu. Yaikazi imalera kamphutsi kamodzi m'mimba mwake, n'kukabereka pamthunzi pafupifupi masiku 10 aliwonse, ndipo kamphutsiko kamalowa m'dothi mpaka katasanduka ntchentche. Motero kashembe amafuna zinthu ziwiri: mthunzi wa mitengo ndi nyama zoti aziyamwa. Kachilombo ka kaodzera kamakhala m'magazi a nyama zam'tchire kosazidwalitsa, koma kashembe akakasamutsira mwa munthu kamaswana, n'kulowa mu ubongo. Mtundu wa ku West Africa umatenga zaka kuti uphe munthu. Wathu kuno umangotenga masabata kapena miyezi yowerengeka.

Makolo athu sankakadziwa kachilomboko, koma ntchentcheyo ankaidziwa. Ankalambula tchire kuzungulira midzi, ankatentha m'chilimwe, ankasaka ndi maukonde, mbuna ndi mfuti zagogodela, ndipo ankadziwa kumene ng'ombe sizipita. M'nthawi ya a Jumbe, amene David Livingstone adakumana nawo ku Nkhotakota mu 1863, malonda a minyanga adachepetsa njovu kwambiri. Kenaka cha m'ma 1892 mliri wa rinderpest udalowa m'dziko muno kuchokera kumpoto, nupha ng'ombe, njati ndi nyama zina zambiri. Kashembe adasowa chakudya ndipo adatha m'malo ambiri.

Koma mliri utapita nyama zidayambanso kuswana, ndipo nthawi imeneyi dziko lidali litasintha eni. Malamulo a atsamunda a 1897 adaletsa kusaka nyama zikuluzikulu popanda chiphaso, ndipo mfuti idayamba kulipiridwa. Msonkho wa nyumba udathamangitsira amuna ku Halale ndi ku Joni, minda yambiri n'kubwerera tchire. Kumene tchire ndi nyama zidabwerera, kashembe adatsatira, ndipo ng'ombe za ku Dowa ndi ku Kasungu zidayamba kufa. John Ford, m'buku lake la mu 1971, adanena kuti kubwera kwa atsamunda kudasokoneza njira zimene anthu a mu Africa ankatchinjirizira ntchentcheyi. John McCracken, amene adaphunzitsapo mbiri pa Chancellor College, adalembanso za momwe kashembe adafalikira m'chigawo chapakati m'zaka zimenezo.

Munthu woyamba kudziwika ndi madokotala a boma kuti ali ndi kaodzera mu Nyasaland adapezeka mu 1908. Mu 1910 akatswiri awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, atayeza magazi a Mzungu wina amene adatenga matendawa m'chigwa cha Luangwa, adaona kuti kachilomboko n'kosiyana ndi kamene ankakadziwa kale, nakatcha Trypanosoma rhodesiense. Boma la ku Zomba lidachita mantha, ndipo lidali ndi chifukwa: ku Uganda mliri wa kaodzera umene udayamba cha m'ma 1900 udapha anthu pafupifupi 250,000. Dera la kufupi ndi Domira Bay, kumwera kwa Nkhotakota, lidalengezedwa kuti ndi la matendawa, ndipo maulendo a anthu olowa ndi otuluka adayamba kuletsedwa.

Apa ndi pamene bungwe la Royal Society la ku London lidatumiza Sir David Bruce. Munthuyu sadali mlendo kwa kashembe: ku Zululand, cha m'ma 1895, ndiye adasonyeza kuti matenda a ng'ombe otchedwa nagana amayamba ndi kachilombo konyamulidwa ndi ntchentcheyi, ndipo mu 1903 adafufuzanso mliri wa ku Uganda uja. Adamanga msasa pa phiri la Kasu, pamwamba pa chigwa cha Domira Bay, nagwira ntchito kumeneko kuyambira 1912 mpaka 1914. Mkazi wake, Mary Bruce, ndiye ankathandiza kuyeza magazi pa maikulosikopu ndi kujambula tizilombo timene ankationa.

Njira yawo idali yotere. Ankawombera nyama zam'tchire m'dera la kashembe, kutenga magazi ake ndi kuwabaya mwa agalu, mbuzi ndi apusi, n'kudikira kuti aone chiti chidwale. Ankagwiranso ntchentche zamoyo ndi kuzidyetsa pa ziweto zomwezo. Mwa nyama 180 zimene adayeza, pafupifupi imodzi mwa zitatu zilizonse idapezeka ndi tizilombo toopsa kwa munthu kapena kwa ziweto. Bruce adatchula nakodzwe, ngondo, mphoyo ndi gwape kuti ndizo zoopsa kukhala nazo pafupi munthu, ndipo maganizo ake adali akuti nyama za m'dera la kashembe ziphedwe.

Powerenga malipoti a kafukufukuyu chinthu chimodzi chidandikhudza. Mitundu ya nyama idalembedwa bwinobwino, agalu ndi apusi ali ndi manambala awo, masiku amene chilichonse chidadwalira alipo. Koma kodi ntchentche zikwizikwi zija adazigwira ndani? Adali anyamata a m'midzi ya m'chigwa, oyenda m'tchire ndi timaukonde, matupi awo ndiwo nyambo. Nanga nyama zija adazilondola ndani, akatundu adasenza ndani kukwera nawo phiri? Akulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona Bruce adabwera nako. Koma mutu wometedwawo udali wathu, ndipo mbiri idasunga dzina la kalumo kokha.

Maganizo a Bruce adautsa mkangano umene sudathe mpaka lero. Dokotala George Prentice, mmishonale wa Livingstonia ku Kasungu, amene adaona ng'ombe za anthu zikutha, adalimbana kwambiri ndi malamulo oteteza nyama, nati boma likukonda nyama koposa anthu. Mbali inayi kudali Azungu okonda kusaka ndi osunga nyama, amene adati umboni sudakwanire. Dokotala wina wa ku Germany, Taute, adafika podzibaya yekha magazi a nyama zokhala ndi tizilombo, sadadwale, nati kachilombo ka nyama ndi ka munthu n'tosiyana. Komiti imene idakhala ku London mu 1914 idakana kulamula kuti nyama zonse ziphedwe. Ku Southern Rhodesia adatsata njira ya mfuti kwa zaka zambiri, napha nyama zikwi mazanamazana. Umboni weniweni udadza mu 1958 ku Kenya, pamene Heisch ndi anzake adatenga kachilombo m'magazi a mbawala, nakabaya mwa munthu wodzipereka, munthuyo n'kudwala. Bruce adalondola pa za gwero la matenda. Pa za mankhwala ake a mfuti, mpomwe pali nkhani.

Kwathu zinthu zidayenda mwina. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930 boma lidapatula mapiri a kumadzulo kwa Nkhotakota kukhala nkhalango yotetezedwa, ndipo malire ake adakula mpaka kufika ma sikweya kilomita pafupifupi 1,800, kuphatikizapo phiri la Chipata. Malo amene mbadwo umodzi wa akatswiri udati nyama zake ziphedwe, mbadwo wotsatira udati munthu asapondemo. Ngakhale zidali choncho, opha nyama mozemba adaisakaza nkhalangoyi, kotero kuti njovu zimene kale zidali zoposa 1,500 zidatsala zosakwana 100 pofika 2015, chaka chimene bungwe la African Parks lidayamba kuiyendetsa mogwirizana ndi boma. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, pamodzi ndi nyama zina zambiri, ndipo mpanda wamagetsi udamangidwa.

Ndisaname, atsibweni atadwala ine ndidali kumbali ya Prentice. Ndinkati nkhalangoyo ingotenthedwa. Chidandibweza ndi nsomba. Mtsinje wa Bua umadutsa m'kati mwa nkhalangoyi, ndipo ndi umodzi mwa mitsinje yochepa kumene mpasa imakwerabe kukaswana pa miyala ya madzi oyera. M'mitsinje ina yambiri, kumene mitengo ya m'mbali idadulidwa, matope adakwirira miyalayo ndipo mpasa idasowa. Mthunzi womwewo umene umalera kashembe ndiwo umasunga madzi a mpasa. Mwana wa msodzi sangapemphe kuti nkhalango ithe popanda kudzitemberera yekha. Komanso mpanda umene umatsekera njovu sungatsekere ntchentche, ndipo amene amalumidwa ndi anthu olima, otola nkhuni ndi odula nsungwi m'mbali mwake. Mu 2019 ndi mu 2020 dziko lino lidalemba odwala kaodzera oposa 80 chaka chilichonse, ambiri a iwo ochokera kufupi ndi dambo la Vwaza ku Rumphi ndi kufupi ndi nkhalango yathuyi.

Chimene chidathetsa funso la Bruce loti tisankhe pakati pa nyama ndi munthu ndi kafukufuku wina wodekha. Ku Zimbabwe, m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, Glyn Vale ndi anzake adaphunzira chimene chimakopa kashembe, napeza kuti amatsata fungo la nyama ndiponso mitundu ya buluu ndi yakuda. Ndiye chiyambi cha nsalu zopakidwa mankhwala zimene zimaimikidwa m'tchire. Popeza kashembe amabereka mwana mmodzimmodzi, kupha zazikazi zowerengeka tsiku ndi tsiku kumakwanira kuchepetsa mtundu wonse, nyama osaphedwa ndi imodzi yomwe.

Mankhwala a odwala nawo ali ndi mbiri yawo. Jakisoni amene atsibweni adalandira, melarsoprol, adayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1949, ndipo muli poizoni wa arsenic. Iwo amati ankamva ngati moto ukuyenda m'mitsempha, ndipo pafupifupi munthu mmodzi mwa 20 aliwonse olandira mankhwalawa amafa nawo. Kwa zaka 70 wodwala amene kachilombo kafika mu ubongo adalibe chisankho china. Kuyambira 2019 mapiritsi otchedwa fexinidazole, omwera pa chakudya kwa masiku 10, adayesedwa pa chipatala cha boma cha Rumphi ndi ku Lwala ku Uganda, ndipo mu 2024 bungwe la WHO lidawavomereza kukhala mankhwala oyamba a kaodzera wa mtundu wathu. Apanso magazi a Amalawi ndiwo adapereka umboni, koma ulendo uno madokotala ndi anamwino a kuno adali pakati pa ofufuzawo.

Patchuthi chapitachi ndidapeza atsibweni akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndidawasimbira zonsezi, za phiri la Kasu, za agalu a manambala, za mbawala ya ku Kenya. Adamvetsera osadula mawu. Nditamaliza adaika singano pansi nati, "Mphwanga, ngati Mzunguyo adakaona kachilomboko mu 1912, nanga ine adandipatsiranji mankhwala a malungo kawiri?"

Ndidalibe yankho la m'buku. Kachilombo ka kaodzera wathu kamaoneka m'dontho limodzi la magazi pa maikulosikopu wamba, ngati pali makinawo, magetsi kapena kuwala kokwanira, ndi munthu wophunzitsidwa amene wakumbukira kufunsa wodwala ngati adapita kumtunda. Zaka zoposa 100 za kafukufuku zidatipatsa dzina la kachilombo, nsalu za buluu ndi mapiritsi, koma mnzawo wa atsibweni adafa chifukwa dontho lake silidayezedwe msanga. Anzanga a sayansi amene mukuwerenga nyama, nsomba ndi mitengo ya m'nkhalango zathu, pitirizani, pakuti mpasa ya pa Bua ikudalira inu. Ine pempho langa ndi lakuti m'mabuku mwanu mulembemonso maina a okugwirirani ntchentche, ndi kutalika kwa mtunda kuchokera pampanda kukafika pa maikulosikopu yapafupi.