Makina Oona Mvula Isanagwe

Mu Disembala 1917 panalibe munthu amene akanatha kunena kuchuluka kwa madzi ali mumtambo. Patapita zaka 100, mu Disembala 2017, mvula yamphamvu inagwa mu mzinda wa Lilongwe, mitsinje inasefukira, ndipo madzi analoŵa m'nyumba ku Kaliyeka, Chipasula ndi Kawale. Nyumba zinagwa, ufa ndi zofunda zinapita, ndipo anthu ena anataya miyoyo. Funso limene linatsala pakamwa pa ambiri linali lakuti: kodi panalibe njira yodziŵira msanga?

Njirayo ilipo, ndipo dzina lake ndi radar. Mbiri yake inayamba ndi Heinrich Hertz wa ku Germany, amene m'zaka za m'ma 1880 anaonetsa kuti mafunde a wailesi akagunda chitsulo amabwerera. Mu 1935 Robert Watson-Watt wa ku Britain, yemwe kale ankalondola ziphaliwali ndi wailesi, anaonetsa kuti mafundewo angathe kupeza ndege ili m'mwamba.

Pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse asilikali oyang'anira makinaŵa ankadandaula kuti mvula ikuwaphimbira ndege za adani. Chimene chinali chosokoneza kwa msilikali chinasanduka chuma kwa katswiri wa zanyengo. Nkhondo itatha, mu 1948, Marshall ndi Palmer a ku Montreal anafalitsa kafukufuku wa kukula kwa madontho a mvula, amene anathandiza kuyeza mvula ndi radar.

Kagwiridwe kake ka ntchito nkofanana ndi munthu wofuula m'chigwa namva mau ake akubwerera. Mbale yaikulu imazungulira pansanja nitumiza mafunde othamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Akagunda madontho kapena matalala, ena amabwerera. Nthaŵi imene atenga ndiyo imanena kutalika kwa mtunda. Mphamvu imene abwera nayo ndiyo imanena kukula kwa mvula. Makina a mtundu wa Doppler amaonetsanso ngati mphepo ikudza kapena ikupita.

Namondwe wamkulu ngati Freddy, amene anasakaza chigawo cha kumwera mu Malichi 2023, amaoneka masiku ambiri asanafike kudzera m'masetilaiti. Koma setilaiti imaona pamwamba pa mtambo, pamene radar imaona m'kati mwake. Mvula yonga ya ku Kaliyeka imakula m'maola oŵerengeka, tsono maso otere ndiwo ofunika.

Komabe makina sangatseke mtsinje. Ola limodzi la chenjezo limapindula pokhapokha uthenga utafika pa wailesi, mfumu itamema anthu, ndipo mayi atabereka mwana kuthaŵira kumtunda. Ndiponso nyumba yomangidwa m'mphepete mwa mtsinje idzakhalabe panjira ya madzi, ngakhale mtambowo utaoneka bwino chotani.